Mabuku Opanda Zikuto

9 Febuluwale

Okondedwa amake ana,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana ndi amayi. Ine kuno ndili gwa, kungoti kachimfine ka fumbi la mapepala sikakundichoka, kandikakamira ngati ndinakalonjeza ukwati.

Kalata yanu ndinailandira Lachiwiri. Ndinaiwerenga choimirira pageti, kenako ndinakhala pansi n'kuiwerenganso. Ndiye Abusa akulembani pa anthu oti ayesedwe ulaliki? Inuyo, akazi anga enieni? Ndinaseka ndekha mpaka alonda anabwera kudzandiyang'ana kumaso. Koma kudabwa sindikudabwa ayi. Zaka khumi ndi zisanu mwakhala mukulalikira ine ndekha m'nyumbamo, popanda ngakhale chopereka, ndiye ndi bwino ena alaweko. Ndakondwa kwambiri, mayi.

Mwati mayeso ndi mu Ogasiti, mudzaima pamaso pa komiti ndi mpingo wonse, ndipo mwa anthu asanu oyesedwawo wamkazi ndinu nokha. Mwatinso mukalephera ena adzati paja tinkanena, ndipo padzapita zaka mayi wina asanalembedwenso. Za mabuku ndamva. Anzanuwo ali nawo, wina mpaka shelefu yathunthu yosiyiridwa ndi bambo ake, pamene inu muli ndi Baibulo lokha lija lomwe wamng'onoyo anatafuna masamba akumapeto. Pamenepo pokha musade nkhawa, ndipo mvetserani.

Paja ntchito yanga yatsopanoyi sindinakufotokozereni bwino. Ndili pa fakitale yogaya mapepala akale. Malole amakhuthula manyuzipepala, makatoni ndi mabuku, ife timaima m'mbali mwa lamba woyenda n'kumasankhula, ouma uku, onyowa uko. Buku lisanalowe m'makina timaling'amba chikuto, chifukwa nsalu ndi guluu zimatsamwitsa makinawo. Tsono sabata yatha kwabwera malole awiri ochokera ku sukulu ina ya abusa yomwe yatsekedwa, odzaza ndi mabuku a Mulungu okhaokha, ena olemera ngati njerwa. Ine ndimangowang'amba osaganiza kanthu, mpaka kalata yanuyi itafika.

Ndinapita kwa kapitawo chipewa chili m'manja. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuti, "Tenga amene ungathe kunyamula, koma chikuto ndi masamba oyamba zitsale m'dengu langa. Sindifuna kumva kuti watsegula shopu m'tauni." Ndiye mabuku anu adzabwera osavala, opanda dzina, opanda mwini. Ine ndikuti bola zam'kati.

Uzani alamu anu akupezereni thabwa lalitali. Muliike pa njerwa m'chipinda, kutali ndi khoma lachinyezi lija, chiswe chingayambe kuwerenga inu musanayambe. Kangachepe ndatumiza, mumugulire wamkuluyo nsapato.

Ndine mwamuna wanu.


2 Malichi

Alaliki anga,

Moni nonse. Ine ndadzuka bwino, kaya inu ndi ana. Amayi mwendo uja uli bwanji?

Katoni yanu yanyamuka ndi dalaivala wa basi wandevu uja, ifika Loweruka. Ataitukula anandifunsa ngati ndayamba kutumiza miyala. Mukapite ndi wilibala.

Ndapeza wondithandiza kusankha. Alonda athu a masana ndi amdala ena amene anaphunzirako za ubusa zaka ziwiri n'kusiyira panjira, chifukwa chake sanena, ndiye kuno timawatcha a Mbusa Theka. Sakwiya nalo dzinali, amati theka la mbusa liposa nkhosa yathunthu. Atamva nkhani yanu anakhala pa mulu wa mabuku nthawi yonse ya nkhomaliro, osadya. Buku akalitsegula pakati n'kuwerenga mizere iwiri, basi alidziwa mtundu wake.

Tsono m'katonimo muli izi. Lonenepa la tizilembo ting'onoting'ono ati ndi konkodansi. Mukakumbukira liwu limodzi la vesi koma mwaiwala pomwe vesilo lili, mumafuna liwulo m'menemo, bukulo n'kukulozerani malo onse m'Baibulo momwe likupezeka. Vuto lake, linathyoka msana pokhuthula, ndapeza theka loyamba lokha. Linalo lili penapake m'phiri la mapepalali, ndilisaka. Muli atatu ofotokozera ndime ndi ndime, amene amdala ati muziwatsegula mutawerenga kaye Baibulolo nokha. Muli dikishonale ya Baibulo, yonena za miyeso, mitengo, ziwiya ndi makhalidwe a anthu akalewo. Mulinso la mapu, limenelo ana asaligwire ndi manja a mafuta.

Ndinapezanso la maulaliki olembedwa kale, a chaka chonse, ongoimirira n'kumawerenga. Ndinati apa ndiye mayeso tapambana. Amdala anandilanda n'kuliponya pa lamba. "Mphwanga, akazi ako ali ndi mano. Usawatafunire." Ndinaliona likulowa m'makina mtima ukundiwawa.

Koma pansi penipeni pa katoni ndaikapo lina lomwe ndasankha ndekha iwo atabwerera kugeti. Lili ndi zithunzi zamitundumitundu, matchati opinda ndi manambala ambirimbiri. Limenelo ndi mphatso yochokera kwa ine, poti nanenso maso ndili nawo.

Loweruka ndinalowa m'shopu ya mabuku m'tauni kukangoyerekeza. Konkodansi yatsopano mtengo wake ndi malipiro anga a sabata ziwiri. Ndinaibwezera pa shelefu ndi manja awiri n'kutuluka mwaulemu.

Wanu yemwe uja.


6 Epulo

Amake ana,

Ndili bwino, ndipo ndakondwa kumva kuti wamng'onoyo chifuwa chinasiya. Mulungu ndi wabwino.

Ndiye mabuku mwawasokera zikuto ndi buluku langa lakuda lija? Buluku lomwe ndinavala pokufunsirani? Chabwino, tingoti lakwezedwa pantchito.

Nkhani ya nyale ija ndawawerengera anzanga pa nkhomaliro. Mwati dikishonale ikunena kuti nyale za nthawi imeneyo zinali tinthu tadothi tokwana m'chikhatho, mafuta ake osachedwa kutha, n'chifukwa chake munthu ankayenera kunyamula ena apadera. Ine zaka zonsezi ndimaganiza za nyale yagalasi ngati yathu ija. A Mbusa Theka anamenya tebulo, ati, "Ameneyo ndi mlaliki. Wafufuza chinthu choti ngakhale mwana amve." Tsopano anzanga a pa lamba akakangana za m'Baibulo amabwera kwa ine, ine ndimangoti dikirani ndilembere kunyumba.

Chingerezi chanu ndiye sichinachite dzimbiri. Koma musamawerenge mpaka kuiwala makasitomala pa benchi, tomato sadikira mlaliki.

Mwati Lachinayi likubwerali amayi a kumpingo akupatsani mpata wowaphunzitsa kuti muzolowere kuima kutsogolo, ndipo mukuganiza zotenga za m'buku langa la matchati. Tengani! Ndimadziwa ine kuti limenelo ndi moto. Akuluakulu a komiti amve mbiri yanu musanafike n'komwe.

Theka lina la konkodansi sindinalipeze. Phiri lija likuchepa tsiku ndi tsiku, ndipo lamba amuwonjezera liwiro. Chipinda chija ndinasamukamo, tsopano tikugona anayi kuseri kwa galaja ina. Chifukwa chake n'chosayenera papepala, koma malo ndi abwino, mpopi uli pafupi. Makalata muzitumiza kuntchito kuno.

Ndakusowani nonse.


11 Meyi

Mayi,

Moyo ulipo. Za thanzi lanu sindifunsa, poti kalata yanu yanena kale kuti simukudya.

Ndaiwerenga katatu. Mwati munawaphunzitsa amayi zomwe buku langa lija likunena, kuti powerengetsa manambala onse dziko litha pasanathe zaka zisanu ndi ziwiri kuchokera chaka chino. Ena analira. Aneba athu osoka zovala aja anakaimitsa amisiri pa nyumba yawo yomwe inafika kale m'mawindo, ati denga la zaka zisanu ndi ziwiri n'lachiyani. Amuna awo anakadandaula kwa Abusa, ndipo Abusa akuuzani kuti dzina lanu aliika kaye pambali mpaka komiti ikambirane.

Ndinapita kugeti ndi kalatayo ngati mwana woswa mbale. A Mbusa Theka anangondifunsa, "Lili ndi tchati chopinda, cha makwerero ndi zilombo za nyanga?" Ndinati eya. Anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, ine kumayesa akulira. Ati, "Mphwanga, limenelo tinkaliwerenga mobisa ndili kusukulu, tsitsi lonse lili m'mutu. Zaka zisanu ndi ziwirizo zinatha ndisanakwatire. Pano ndili ndi zidzukulu zinayi." Atatha kuseka anandikalipira mpaka malole awiri anachita kudikira pageti. Ati chaka chomwe buku linasindikizidwa chimalembedwa pa masamba oyamba, omwe aja timasiya m'dengu la kapitawo. Inu mukanachiona chakacho simukanalinyamula n'komwe.

Safunsa anadya phula, koma apa phulalo ndadyetsa inu. Wolakwa ndine. Inu munakhulupirira buku chifukwa munakhulupirira mwamuna wanu, ndipo manyazi amene mukuyenda nawo kumsikawo ndi anga. Pepani, mayi. Mtima wanga sukukhala m'malo.

Mwati mukufuna kuwatentha onse n'kukauza Abusa kuti mwasiya. Chonde musayatse moto musanalandire kalata yanga ina. M'envelopu yomweyi muli pepala lomwe ndalembera Abusa, ndafotokoza zonse za zikuto. Mukawapatse m'manja, osatuma munthu. Ndipo idyani, ana akukuonani.

Ndine mwamuna wanu wopusa.


1 Juni

Amake ana,

Musadabwe ndi zilembo zokongolazi, akulemba ndi a Mbusa Theka, ine ndikungoyankhula. Ndili bwino ndithu. Dzanja lamanja linakangana pang'ono ndi lamba, ndiye adokotala alikulunga kuti lipume. Si nkhani yoti muwauze amayi.

Nkhani ndi iyi, theka lija ndalipeza! Linatulukira Lachitatu pansi pa makatoni, likuthamangira kukamwa kwa makina. Ndinalitsatira, ndipo ilo linatuluka lathunthu, tsamba ngakhale limodzi silinatsale. Kapitawo anayankhula mawu amene amdala akana kulemba. Panopa andiika kosesa ndi dzanja lamanzere, ntchito yopepuka, munthu umaganiza bwino.

Masiku amenewa takhala tikufukula dengu la zikuto, lomwe mwamwayi linali lisanatayidwe. Kapitawo watilola kukopera, osati kutenga. Amdala akuwakumbukira mabuku onse amene anakusankhirani, ndiye lililonse talipezera chikuto chake, ndipo alilembera kapepala konena dzina lake, wolemba, chaka ndi ntchito yake. Timapepalato tikubwera pamodzi ndi theka la konkodansi, mutimate m'kati mwa buluku langa. Mukawaonetsenso Abusa. Onsewo ati ndi odalirika. Langa lija nalonso chikuto chake tachipeza, n'chokongola kuposa zonse.

Ndine wanu.

Mlamu, ndine mlonda uja, ndaba mpata mwini kalata wapita kukamwa mankhwala. Dzanjalo ndi nkhani yokulirapo kuposa momwe wanenera, koma lipola. Za mabuku ndinene pang'ono. Yambani ndi ndime yanu, muiwerenge mpaka ikuvuteni. Ikakuvutani, funsani konkodansi kuti mawuwo akunenedwanso pati, kenako dikishonale. Ofotokozera aja abwere pomalizira, ngati alendo. Buku likanena chinthu chachilendo, lifunseni mboni ziwiri, likasowa mboni litsekeni. Ndipo musasiye, mlamu. Ine ndinasiya chifukwa cha manyazi ochepa kuposa anuwa, ndipo ndatha zaka makumi atatu ndikutsegulira malole.


13 Julayi

Alaliki anga,

Zilembo zokhotakhotazi ndi zanga, dzanja layambiranso sukulu. Ndili bwino, kaya inu kumeneko ndi kuzizira kwakulaku. Ana muziwaveka majuzi m'mawa.

Ndiye komiti yabwezeretsa dzina lanu! Ndinavina ndi tsache pakati pa fakitale. Mwati Abusa anabwera okha kunyumba kudzaona mabukuwo, anawerenga timapepala tonse, anakhala pafupi ndi thabwa lanu la mabuku mpaka tiyi anazizira, ndipo pochoka anabwereka awiri. Muziwakumbutsa mwaulemu, buku lobwereka silichedwa kumera mizu.

Mwatinso munapita kwa aneba kukapepesa, ndipo Loweruka lililonse mwakhala mukuwatutira njerwa ndi madzi mpaka khoma lafika poika denga. Msana wanu uja mwauganizira? Komabe ndanyadira, sindibisa.

Chomwe chandisowetsa mtendere ndi ichi. Mwati tsiku la mayeso mukufuna kukwera nalo pa guwa buku la matchati lomwelo, n'kulalikira za tsiku lija lomwe palibe munthu alidziwa. Mayi, bala likayamba kupola salitokosa. Anthu ayamba kuiwala, bwanji osangotenga nkhani ya nyale, yomwe aliyense angaikonde? Ndinawapempha amdala kuti akulembereni, akuletseni. Iwo anangoti, "Mphwanga, iwe unasankhapo kale kamodzi." Ndiye ndatseka pakamwa. Chitani momwe mwaonera, koma mantha ndiye ndili nawo.

Dalaivala akubweretserani nsapato zakuda, zafulati, kuti musapunthwe pa masitepe a guwa. Zikathina muziike mapepala onyowa m'kati, muzivale masiku angapo tsikulo lisanafike. Za kuno palibe chachilendo, kungoti maola atichepetsera. Tidzakamba.

Ndikukupemphererani, ndipo sindikunama.


30 Ogasiti

Okondedwa mayi,

Ndili bwino, bwino kwambiri, dzanja likugwira kale supuni. Ana ndi amayi muwapatse moni, koma lero nkhani ndi yanu.

Kalata yanu inafika pamodzi ndi ya alamu anu, ndiye nkhaniyi ndaimva mbali ziwiri. Inu mwangolemba mizere inayi, kuti zinayenda bwino, Mulungu anathandiza. Alamu anu ndiwo andipatsa mnofu wake. Ati munakwera pa guwa ndi mabuku awiri, n'kutambasula tchati chija mpingo wonse ukuona, zilombo za nyanga zili poyera. Munawauza zonse, za mwamuna wanu wosankha buku poona zithunzi, za masamba otsala m'dengu, za zidzukulu zinayi za alonda. Anthu anaseka mpaka wapampando wa komiti anabisa nkhope m'kope mwake. Aneba athu anakuwa ali kumbuyo kuti, "Denga tinakhoma, amayi, pitirizani!" Kenako munapinda tchaticho n'kutsegula Baibulo, ndipo m'tchalitchi munangoti zii mpaka pemphero lomaliza. Ati munanena kuti wodikira Mbuye wake apezedwe akukhoma denga, akulera ana, akupepesa kwa mnansi wake.

Mwa asanu apambana atatu, ndipo pa ndandanda ya olalikira yomwe mwanditumizira dzina lanu ndaliona ndi maso anga, Lamulungu lachiwiri la Okutobala. Ndinakwera pa belo la makatoni nthawi ya nkhomaliro n'kuwerengera fakitale yonse. Kapitawo, munthu amene sindinamuonepo mano, anati, "Tsika usanathyole dzanja linalo," koma sabata imodzi ya tchuthi wandipatsa. Amdala analowa m'kanyumba kawo ka pageti, anakhalamo nthawi yaitali. Tsopano kuno dzina langa latha, aliyense akungoti amuna a alaliki, ndipo ndimayankha msanga.

Pali mawu amene ndakhala nawo zaka zonse za banja lathu. Tsiku lomwe munakabweza mabuku kusukulu chifukwa cha mimba ya wamkuluyo, ndinakuperekezani, koma ndinaima kuseri kwa mpanda chifukwa cha mantha. Munalowa nokha. Munatuluka chikwama chili chopanda kanthu, simunalire, munangoti tiyeni. Munali woyamba m'kalasi mwanu, ndipo ine ndinkadziwa. Sindinakupepeseni tsiku limenelo, kapena tsiku lina lililonse. Ndikupepesa lero, mayi.

Ndifika Lachisanu lake ndi basi ya wandevu. Lamulungulo musapatse mwana kapena alamu anu chikwama chanu. Muikemo mabuku onse amene mukufuna, chilemere momwe chingalemerere. Ndidzachinyamula ine kuchokera pakhomo pathu, ndipo ulendo uno ndidzalowa nanu mpaka m'kati.

Ndine mwamuna wanu.